Mapiritsi Amene Ndinkataya M'chimbudzi

Abale anga mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno kwa Mpama. Linali Lachinayi la sabata yoyamba ya Juni chaka chatha, teni koloko m'mawa, pamene amuna anga, abambo a Luka, anatsirizika mutu uli pamiyendo panga.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndiye mawu okometsera ndilibe, ndingonena mmene zinalili. Ine ndi amuna anga tinkamwa ma ARV. Tinkamwera limodzi m'mamawa, kapu imodzi, iwo ayambe ine nditsirize. Tsiku lokatenga mankhwala ankandikweza panjinga yawo. Atamwalira, ndinkati ndikatsegula botolo, kukhosi kunkatseka. Ndinkadzifunsa kuti ndikumwera ndani, poti Luka, mwana wathu yekhayo, ali ku Joni ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. Ndinasiya kumwa, tsiku langa kuchipatala ndinalidumpha. Kupemphera ndinkapemphera, koma pemphero lake linali limodzi: Ambuye, nanenso nditengeni.

Kwathu kuno kuli achinyamata amene amayendera anthu odumpha tsiku lawo. Salandira kanthu. Kale ndikawaona akudutsa ndi timakope tawo, mumtima ndinkati ana osowa chochita. Kwa ine kunabwera mtsikana dzina lake Esinati, wa m'mudzi woyandikana nafe, amene analemba folomu folo koma ntchito sanaipeze. Anandiperekeza kukatenga mankhwala, ndipo Lachitatu lililonse ankabwera kudzawerenga mapiritsi otsala m'botolo.

Apa ndiye ndinachimwa. Kuti asandivutitse, m'mawa uliwonse ndinkatenga piritsi limodzi n'kukaliponya m'chimbudzi. Akawerenga, nambala inkakwana bwinobwino. Ndinachita zimenezi miyezi iwiri. Chifuwa chinandigwira, miyendo inkanjenjemera popita kumjigo, nandolo wanga anayamba kuthetheka m'munda wosakolola.

Tsiku lina Esinati atawerenga anatseka botolo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, botolo likuti mukumwa. Koma chitenje chanucho chayamba kuzungulira kawiri. Ndikhulupirire chiti?"

"Iwe mwana, unabwera kudzandiyeza chiuno?"

"Ayi amayi. Ndingofuna ndidziwe amene akumwa mapiritsiwa. Nkhuku kapena?"

Ndinati, "Chimbudzi."

"Ndiye chimbudzi chanu chili ndi thanzi kuposa tonse m'mudzi muno."

Ndinaseka, koyamba chimwalirireni amuna anga, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Ndinamuuza za kapu imodzi ija. Sanandikalipire, sanandilalikire. Anangondiuza kuti nkhaniyi sangaibise kwa anamwino, ndipo madzulo omwewo anandipezera kabaza, tinapita limodzi kuchipatala. Anamwino anandiyeza, anandilangiza, anandipatsanso mankhwala a chifuwa.

Mawa lake sikisi koloko ndinamva odi pakhomo. Anali Esinati, ndowa ili m'manja, akupita kumjigo. Anatunga madzi m'kapu ya amuna anga, anamwako pang'ono, n'kundipatsira pamodzi ndi piritsi.

"Ndayamba ine, amayi. Tsirizani inu."

Piritsi linadutsa pakhosi. Abale, ndinapempha imfa, koma Mulungu anandiyankha ndi mwana wa eni wovala masilipasi othothoka.

Anabwera choncho m'mawa uliwonse mpaka mvula inagwa. Akatanganidwa ankatuma mnzake. Loweruka lina anabwera ndi gulu lawo lonse kudzandikololera nandolo, phokoso ndi nthabwala munda wonse, ndipo atamaliza anakana ngakhale mbale imodzi.

Ndinakumana ndi mayi ake a Esinati kuchigayo. Anandidandaulira kuti mwana wawo akungothera mapazi pa ntchito yaulere, anzake akugulitsa tomato ku Limbe. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti, "Achemwali, mapazi amenewo ndi amene andiimika pano." Ufa wanga anandisenzetsa okha.

Makolo anzanga, ndikudziwa kuti mwana akamaliza sukulu timafuna azibwera ndi sopo pakhomo. Sindikunena kuti kufunako n'kolakwa. Koma mwana wanu akati akupita kukathandiza anthu, musamunyoze ngati mmene ndinkachitira ine. Esinati anali wamanyazi, wosatha kuyang'ana munthu wamkulu kumaso. Ntchito imeneyi yamuphunzitsa kuona munthu, osati kope lokha, ndipo lero amalankhula ndi madoda iwo n'kumamvera. Inu amene mwaferedwa ndipo kukhosi kwatseka, musabise ngati ine. Akabwera anawa, atsegulireni.

Ndikuthokoza Mulungu, thupi langa labwerera ndipo ndalima munda wonse ndekha. Masiku ano Lachitatu lililonse ndimayenda nawo achinyamatawa. Pali makomo amene akuluakulu amachita manyazi kuulula kwa ana. Tikafika pamenepo iwo amadikira panja, ine ndimalowa.