Tsiku Limene Mulungu Anandikuwira m'Chichewa

Abale ndi alongo anga, mtendere wa Ambuye ukupezeni kulikonse kumene muli. Ndikufuna kuchitira umboni za nthawi imene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito ya udalaivala ndisanaizolowere n'komwe, chifukwa cha liwu limodzi lokha.

Ndinabwera ku Joni ndili mnyamata kuchokera ku Dedza, ndipo kwa zaka zambiri ndinkasamalira maluwa a mzungu wina ku Capital Park, mu Pretoria. Kuyendetsa ndinaphunzirira pa kagalimoto kake kokatayira zinyalala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndinapeza laisensi ya malole, ndipo kampani ina yaikulu yonyamula katundu inanditenga mongondiyesa kaye. Masiku amenewo mlendo ngati ine ankakhala m'tauni chifukwa cha ntchito basi. Ntchito ikatha, chilolezo chimatheranso pomwepo, apolisi n'kukukweza sitima yobwerera kwanu. Mayi a kunyumba anali oyembekezera ku Mamelodi kumene tinkakhala, ndipo kwa mzungu wa maluwa uja anali atalemba kale munthu wina.

Pamsewu ndinalibe vuto. Vuto linali kubwerera chambuyo ndi ngolo yaitali imene lole imakoka, imene ukamaiuza kumanja iyo imathawira kumanzere ngati mbuzi ya pachingwe. Pabwalo la kampani panali mkulu wina, a Maseko, amene ntchito yawo inali kuima kumbuyo kwa lole n'kumakuwira dalaivala mpaka ngolo ifike pakhomo lopakirira katundu. Tonse tinkawadziwa ngati Mzulu, munthu wosaseka. Ine Chizulu changa chinali cha moni ndi kutsanzikana, koma ndinkadziona ngati ndachimaliza. Ndinkadziwa kuti "hamba kahle" ndi "pita bwino", choncho "kahle" kwa ine anali "bwino", nkhani yathera pomwepo.

Tsiku lina m'mawa ndikubweza lole, ndinamva a Maseko akukuwa kuti, "Kahle! Kahle!" Mtima wanga unati myaa, ndikuti mkuluyu lero wandiyamikira. Ndinapondanso mafuta pang'ono, ndikumwetulira. Chimene ndinamva kenako ndi phokoso la chitsulo. Ngolo inali itapinda chitseko cha nyumba ya katundu, ndipo a Maseko anali atalumphira pambali, chipewa chili pansi. Kani iwo ankatanthauza kuti ndiime.

Folomani wa Chibunu anabwera nkhope ili psuu. Anati Lolemba ndidzalowetse ngolo pakhomo lopanikiza la kumapeto, limene ngakhale madalaivala akale ankalizemba, ndipo ndikadzangokhudza khoma ndidzatenge jekete langa ndizipita. Anzanga anandipatsa dzina pomwepo. Ndikamadutsa ankangoti, "Kahle, Nyasa, kahle!" n'kufa nalo phwete. A Maseko sanandiyang'ane n'komwe.

Abale, ndinachita mantha ndipo ndinachita manyazi. Ndinatsala pang'ono kupha munthu ndikumwetulira. Ndikaona mayi a kunyumba akusoka timalaya ta mwana, ndinkangoganiza kuti mwanayo adzabadwa ine ndili pa sitima. Lamlungu kutchalitchi anthu ankaimba m'Chisutu, ine osatolapo kanthu. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinangoti, "Ambuye, dziko lino aliyense amandilankhula zimene sindimva. Inu nokha mundilankhule zoti ndimve."

Lolemba anthu anasiya ntchito kudzaonerera. Folomani anaima patali atapinda manja. A Maseko anapita kumbuyo monga mwa masiku onse, ine n'kulowetsa giya. Ngolo inayamba kulowa, koma pagalasi ndinaona ikupendekera kukhoma, ndipo mutu wanga unaima. Sindinadziwenso kopotozera chiwongolero. Anthu ankakuwa Chizulu, Chisutu, Chibunu, zonse n'kusakanikirana ndi kulira kwa injini.

Pamenepo ndinamva mawu amodzi okwera kuposa onse.

"Bwinotu, mwana iwe! Bwino! Ima kaye!"

Phazi langa linaponda buleki ine ndisanaganize. Ndinayang'ana pagalasi kufuna kuona mngelo, koma ndinaona a Maseko, Mzulu uja, atakweza dzanja.

"Potoza kumanzere pang'ono. Eya. Bwera tsopano, usaope, ndili pompano. Bwera. Basi!"

Ngolo inakhala pakhomo paja mwaulemu, osakhudza kalikonse. Folomani anayang'ana khoma, anayang'ana ine, n'kundiponyera makiyi a lole ya ulendo wa ku Rustenburg.

Nthawi ya tiyi ndinawapeza mkulu uja kuseri kwa matayala akale. Ndinagwada, ndinati, "Abambo, kodi ndinu a kwathu?"

Anati, "Wa ku Ntcheu. Dzina la Maseko liliko kuno, liliko kwathu, ndiye ndinangokhala chete kuti asandithamangitse. Ana anga omwe sadziwa." Kenako anandiyang'ana ndi diso la ukali lija. "Iwe, mayi ako akaona mwana akukwawira kumoto amati chiyani?"

Ndinati, "Amati bwino."

"Nanga kahle wasiyana pati? Chichewa chako chomwe sukuchimva!"

Tinaseka mpaka misozi, koma yawo sinasiye msanga. Anandiuza kuti chikwatirire ku Joni anali asanatulutse liwu la kwawo pagulu. Tsiku limenelo anaika pachiswe chinsinsi chimene chinkawasunga m'dziko muno, chifukwa cha mnyamata amene anatsala pang'ono kuwaponda. Mwa chisomo, palibe anawanenera. Anthu ankangoti mkuluyu watola Chinyasa kuti athandize chitsiru chija.

Ndinayendetsa malole a kampani imeneyo mpaka imvi, ndipo mwana uja anabadwa ine ndilipo. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiseke pemphero langa lopanda mchere. Inu amene mwayamba ntchito yatsopano ndipo zonse zikukusokonezani, musataye mtima, pempherani momwe mungathere. Thandizo lanu mwina laima kale kumbuyo kwanu, kumene simukuona bwino. Ine langa ndinkalipatsa moni wa Chizulu m'mawa uliwonse, osadziwa kuti ndi la ku Ntcheu. Ambuye alemekezeke. Amen.