Katundu Wosakwera pa Sikelo: Mbiri ya Malemu a Pearson Namalomba

Anamfedwa, akuluampingo, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ine ndine Gracian, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Malume ndinawaona komaliza Lachiwiri masana akukwera ndege, chipewa chili m'khwapa. Anatembenuka n'kundifunsa ngati katundu yense wadutsa pa sikelo. Ndinavomera.

A Pearson Namalomba anabadwira ku Mandala pa 3 Juni 1894. Anaphunzira ku mishoni mpaka Sitandade 3. Mu 1916 anatengedwa kukasenza mitolo ya asilikali, ndipo anabwerako ndi zipsera m'mapewa komanso diso lodziwa kulemera kwa mtolo asanaunyamule. Mu 1920 anamanga banja ndi mayi Ursula a ku Nancholi. Anakonza magalimoto ku Limbe mpaka 1934, pamene mzungu wina wolima fodya anawalemba ntchito yosamala kandege kake, pa kabwalo ka udzu kuseri kwa Chirimba.

M'mawa uliwonse malemu ankachotsa madzi otsikira pansi pa thanki ya petulo, kenaka n'kuyenda bwalo lonse kufunafuna zulu ndi matope. Koma chimene sankaseka nacho ndi sikelo. Ankati ndege si lole yoti ikakanika mtunda anthu atsike akankhe.

Mu 1936 ine ndinasiya sukulu ya uphunzitsi panjira. Abale ambiri anandiseka, ena muli pompano. Malume okha ndiwo anandiitana, nandiika pa ntchito ya sikeloyo, n'kumauza anthu kuti apeza mphunzitsi wa matumba.

Lachiwirilo ndege imapita ku Lilongwe, kumene mwana woyamba wa malume, a Alefa, angochira kumene ndi mwana wamwamuna. Mukudziwa mmene timachitira: munthu akamapita kumene kuli m'bale, timamusenzetsa. Amayi angapo a pachibale anabwera ndi thumba la ufa, nyemba, ndi makina osokera amene anasonkherana. Podziwa kuti malume akana, anadzera kwa ine. Ndinayang'ana anthu amene anandiberekapo kumsana, n'kulandira katunduyo. Ndinakankhira zonse kumbuyo kwa mpando, chakumchira, n'kufunditsa chiguduli. Pa sikelo sipanakwere kanthu.

Mvula inali itagwa dzulo lake, udzu unali wautali ndi wonyowa. Kunatentha, mphepo kunalibe. Ndege inathamanga bwalo lonse ngati ikukoka chitsa. Itadzuka, mphuno inaloza kumwamba, mchira uli pansi, ndipo inakawomba mitengo ya bulugamu ya kumapeto. Mzungu, amene ankayendetsa, anathyoka mwendo. A Abdala, dalaivala wa pamunda wa mzunguyo, anawanyamula malume pa lole, koma kuchipatala sanafike amoyo.

Dzulo mzunguyo anauza a boma kuti boyi wake analakwitsa kuyeza. Boyi wakeyo ndi bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, amene kwa zaka zinayi sanalole ngakhale botolo kukwera osayezedwa. Akulu a banja anandipempha kuti ndingowerenga zaka ndi mayina. Pepani, sindingawaike m'manda ndi mlandu wanga. Malemu anafunsa, ine ndinanama. Mawa ndikanena zomwezi ku boma, zimene akandichite akandichite. Amayi amene munabweretsa katundu, musazolike: inu munapereka mphatso, sikelo inali m'manja mwanga.

Malemu asiya mayi Ursula, ana atatu, a Alefa, Christina ndi Kingsford, komanso mdzukulu mmodzi amene sanamuone. Banja likuthokoza a Abdala, amayi a mvano amene agona pano masiku awiri, ndi adzukulu okumba manda m'dothi lonyowali. Mayi Ursula, sindikupempha kuti mundikhululukire lero.

Malume, gonani mumtendere, dzina lanu ndi loyera.

Malemu anatisiya pa 15 Febuluwale 1938.