Nyumba imodzi imene Saeen Abro sanaiyeze

Asalaam aleikum nonse.

Bwana wamkulu wa yunivesite yathu, zikomo kuti mwabwera, ndiponso kuti simunathawe tiyi atatha. Bwana mkulu wa nthambi ya zomangamanga. Aphunzitsi anzanga, akulu ndi ang'ono. Adi Hidayat, mkazi wa amene tikutsanzikana nawo lero, ndi mwana wanu Koonj amene wachokera ku Karachi m'mawa uno. Ophunzira athu kumbuyoko, ndikukuonani, mabisiketi sathawa, khalani pansi. Ndi inu, Saeen Dhani Bakhsh Abro, amene mwakhala apo ngati munthu wodikira kuzulidwa dzino.

Ine ndine Zubeida Khuhro. Ena mumandidziwa kuti ndi mayi wolalata uja wophunzitsa chaka chachitatu. Ndinali wophunzira wa Saeen, kenako ndakhala nawo mu ofesi imodzi zaka 26. Andipatsa mphindi khumi. Ndipitirira.

Ndinene poyambirira, kuti musadzati ndinakunyengani ndi nthabwala. Saeen ndi ophunzira awo anayeza nyumba zakale 63 za mu Hyderabad muno. Lero palibe ndi imodzi yomwe imene yaima. Mumzinda wakale mwatsala nyumba imodzi yokha imene mangh wake padenga akukolabe mphepo n'kuitsitsira m'zipinda. Ndi nyumba ya Amma Jannat, m'kanjira ka opanga zibangili. Ndikudziwa, Saeen, dzina limenelo sititchula pagulu. Musandiyang'ane choncho. Ndili ndi mawu a nyumba imeneyo, ndipo ndifikako. Koma mundilole ndikusekeni kaye, chifukwa ndikafikako sindithanso.

Saeen atangomaliza maphunziro, tsitsi likadalipo, inde linalipo, Adi ali ndi zithunzi, wamalonda wina wa mpunga anawapatsa ntchito yomujambulira nyumba. Mnyamata anali atameza mabuku onse. Ankadziwa kuti mphepo yathu ya m'chilimwe imachokera kum'mwera chakumadzulo. Anajambula mangh atatu, kukamwa kwake kuloza komweko, osaphonya. Mmisiri wokalamba amene ankamanga anayang'ana pepala, n'kuyang'ana kunja, n'kufunsa, “Saeen wamng'ono, mbali iyo munayendako?” Iwo amvekere, “Bambo, inu mangani. Mphepo ndaiwerenga.” Mmisiri anamanga. Mbali iyo kunali khola la njati zoweta makumi anayi.

Mphepo inabwera monga mabuku ananenera. Inalowa kuchipinda chogona, kwa alendo, mpaka kukhitchini. Patatha sabata mwini nyumba anabwera, mpango uli pamphuno, n'kuti, “Saeen, nyumba ndi yozizira, sindikana. Koma apongozi anga akufunsa ngati ziweto timagona nazo.”

Sekani, iwonso akuseka. Koma ife amene tinabwera pambuyo ndi amene tinalipira njati zimenezo. Anaika lamulo loti wophunzira wa chaka choyamba sagwira pensulo asanakhale pansi m'nyumba yakale ola lathunthu, nsapato atavula, pakamwa atatseka. Ine pakamwa! Ndinakhala mphindi zinayi. Anandiyambitsanso katatu.

Nanga za fani ndani sazidziwa? Mwezi wa Juni, phula likusungunuka pamsewu, iwo kulowa m'kalasi, choyamba kuzimitsa fani. Ife thukuta kamukamu. Kenako iwo amvekere, “Tsopano mukuimva nyumba imene anzanu anakujambulirani.” Ukawapatsa pulani yako yokongola, yagalasi kuyambira pansi mpaka pamwamba, samakalipa. Amangolemba pakona ndi pensulo yofiira, “Mphepo ilowera pati?” Pali akuluakulu m'chipinda chino, ena abwera ndi madalaivala, amene funso limeneli limawatsatabe mpaka lero.

Analemba mabuku atatu ofotokoza chifukwa chake anthu amamanga momwe amamangira. Ine ndinawerenga awiri. Adi Hidayat anataipa onse atatu, ndiye ngati pali munthu woyenera ulemu wa uprofesa m'banja limeneli, mukumuona.

Saeen, zaka 38 mwaphunzitsa pano. Simunachedwepo m'kalasi. Simunaikepo dzina lanu pa ntchito ya wophunzira. Bambo anga atati mtsikana sakwera madenga a anthu, munapita nokha kunyumba kwathu pa njinga, munakhala nawo masana onse, ndipo mawa lake anandiperekeza okha. Zimene munakambirana simunandiuzepo. Chilichonse chimene ndimadziwa pa ntchito iyi ndinachitola kwa inu. Zikomo. Ndikunena m'malo mwa anthu mazana ambiri amene alibe mpata woima pano.

Bwana wamkulu, ndamva kuti phunziro lawo chaka chamawa kulibe, malo ake mwaikapo la kompyuta. Sindikukuimbani mlandu. Palibe anafunsira ntchitoyo, ndipo nanenso sindinafunsire.

Tsopano za tepi yoyezera ija.

Achinyamata simukudziwa mmene zinayambira. Kalasi yathu ndi imene inayeza nyumba yoyamba. Tinatha masabata atatu, khoma ndi khoma, chitseko ndi chitseko. Mwini wake anatidyetsa rabri, mkaka wotsekemera uja, tsiku lomaliza, akunyadira. Saeen anasindikiza zojambulazo, ndipo a boma anailemba nyumbayo m'kaundula wa nyumba zotetezedwa. Tinavina. Ndiye denga linayamba kudontha. Mwini nyumba sakanatha kuligumula, sakanatha kuigulitsa, ndipo kuti asinthe mtanda umodzi ankafunika kalata imene sinabwere. Patatha zaka zinayi nyumba inagwa yokha, anthu a m'kanjira akuonerera.

Anthu a mumzinda wakale si opusa. Anaphunzira msanga kuposa ife a mabuku. Akangomva kuti mphunzitsi wa tepi wafika kwa auje, ana a mwini nyumba amakhala pansi, ndipo mwezi usanathe khoma lili pansi, kaundula asanawapeze. Zitseko zosema zija mukazipeza m'mashopu a ku Karachi. Ife tinkangoti tachedwa, tiyeni tifulumire kwina. Tinkafulumiradi, chaka chilichonse nyumba ziwiri, zitatu. Mpaka tsiku lina bambo wina anatilandira pakhomo, n'kunena mwaulemu wonse, “Saeen, ndinu mlendo, tiyi mumwa. Koma chija chili m'thumba mwanucho chisatuluke. Kumene chinatuluka kwa aneba anga, lero amaimikako magalimoto.”

Tinabwerera. Tili mu ofesi, Saeen anatulutsa tepi, n'kuiika m'kabati. Anati, “Zubeida, ife timati tikuzipulumutsa. Timangozilozera ogumula.” Sanayezenso nyumba kuyambira tsiku limenelo, ndipo papita zaka 11.

Chaka chomwecho ndi pamene anapeza nyumba ya Amma Jannat. Anauza ine ndekha, ndipo anandilumbiritsa. Osalowa ndi tepi, osajambula chithunzi, osapita ndi wophunzira, osailemba m'buku lililonse. Munthu amene moyo wake wonse ndi kuyeza, anapeza nyumba yabwino koposa zonse, n'kumanga manja kumbuyo. Lachinayi lililonse masana amapita kukamwa tiyi ngati nkhalamba yosowa chochita, ndipo ana a Amma amawadziwa choncho. Ndinapita nawo kangapo. Kunja moto, mkati mpweya ukutsika pakhosi ngati madzi a mumtsuko. Amma amawagwira nthawi zonse. “Dhani Bakhsh, maso akowo akuyeza khoma langa, ndikuwaona. Yang'ana kapu yako.” Mwezi watha ndinawafunsa kuti akapuma azidzatani. Anati, “Ndizikakhala kwa Amma mpaka atanditopa. Pa ntchito yanga yonse, chabwino chimene ndachita ndi nyumba imene ndinaisiya.”

Nonse muli ndi khadi lokuitanani kuno. Litembenuzeni. Saeen sanalione, tinawabisira dala kuti tiwadabwitse. Koonj, apatse bambo ako lako.

Chithunzi chimenecho, cha denga la Amma ndi mangh wake, ndinajambula ndine, chaka chatha, ndili padenga la aneba, mwakuba. Komiti itafuna chithunzi choika pa khadi, ndinati palibe china choyenera munthuyu. Ndinadziuza kuti sindilemba dzina, sindilemba kanjira, ndani angadziwe? Tinasindikiza makhadi 300, chidindo cha yunivesite pamwamba. Limodzi tinatumiza ku ofesi ya kaundula ija, mwaulemu. Wosindikiza analikonda, n'kumata lina pazenera la shopu yake mumsika. Mwana wamkulu wa Amma amadutsa pamenepo.

Dzulo linali Lachinayi, koma Saeen anagwidwa ndi mapepala a penshoni. Amma anaitanitsa ine. Ndinawapeza atakhala pabedi, mbale zili m'makatoni.

Anati, “Khala, mwana wanga. Ana anga anasayina Lachiwiri kuti nyumbayi igumulidwe. Ogumula abwera Lolemba.”

Ndinati, “Amma, ndi khadi chabe la phwando. Palibe akubwera kudzalemba nyumba yanu. Ndilankhula nawo, ndilumbira pamaso pawo.”

Anati, “Kwa iwe ndi khadi. Iwo aona chidindo pamwamba pa denga langa. Ndawalera ndekha anawo, si oipa. Anaona zimene zinachitikira ena.”

Ndinalira, ndipo iwo ndi amene ankanditonthoza ine. Potuluka anandigwira dzanja n'kuti, “Umuuze Dhani Bakhsh abweretse chitepi chake chija. Zaka zonsezi wamwa tiyi wanga manja akumuyabwa. Palibenso chimene angaononge.”

Saeen, a komiti anandipempha kuti ndidikire phwando lithe. Adi Hidayat anandipempha kuti ndidikire mudye kaye. Sindikanatha kuima pano n'kukuyamikani, inu mukumwetulira, ine ndikudziwa. Munaisunga zaka 11 posachita kanthu. Ine ndaigwetsa m'masabata awiri pofuna kukulemekezani. Munandiphunzitsa, ndinaona ndi maso anga kokwana 63, ndipo ndinachitabe. Chowiringula ndilibe. Sindikupemphanso kuti mundikhululukire lero.

Mukuti chiyani, Saeen? Kwezani pang'ono.

Kwa amene simunamve kumbuyoko, akufunsa kuti Amma akakhala kuti.

Kwa mwana wawo wamkulu, Saeen. Nyumba yosanjikiza, chipinda cha pamwamba pachisanu. Ndinakaona dzulo lomwelo. Zenera ndi limodzi, ndipo likuyang'ana khoma la nyumba inzake. Magetsi akazima, chikepe chimaima, ndipo Amma masitepe sangawathe. Ndinafunsa amene anajambula nyumbayo. Ndi wophunzira wathu. Anakhoza bwino kwambiri m'kalasi yanga.

Ndiye zatsala ndi izi. Lero ndi Lachisanu. Tili ndi mawa ndi mkuja. Ntchito imene kale inkatenga anthu makumi atatu masabata atatu, tiichite masiku awiri. Nyumbayo sitiipulumutsa, musadzinamize. Tingotenga miyeso yake, kuti wina akadzafunsa mtsogolo mmene mzinda uno unkapumira wopanda magetsi, padzakhale pepala loti aone. Mwina sadzafunsa n'komwe. Saeen mawondo sawalolanso kukwera denga, akhala pansi n'kumatiuza poyambira. Malikisi palibe, satifiketi palibe. Mawa 7 koloko m'mawa, pakhomo pa kanjira ka zibangili. Amene abwere akweze dzanja.

Ndikuona manja asanu ndi awiri, kuphatikiza la Koonj. Chabwino. Tiyeza zimene tingathe, zotsalazo zipita ndi fumbi.

Bwana wamkulu, bwerani ndi nsalu yaulemu ya ajrak ija muwafunditse pamapewa, mwambo tisauphonye. Chithunzi chachikulu cha nyumba ya Amma chimene chili kuseri kwa katani uyo musachivundukule, ndichitenga ndekha.

Saeen Dhani Bakhsh, ndimafuna kukuuzani kuti mukapume bwino kuyambira lero. Ndakulandani masiku awiri, pamwamba pa zina zimene ndakulandani. Koma akatha amenewo, mukapume ndithu. Mulungu akupatseni moyo wautali, maso akuthwa, ndi zidzukulu zosokosa zoti zizikuiwalitsani ife. Muzigona masana. Muzidya zimene adokotala anakuletsani, pang'ono pokha.

Adi Hidayat, pempho langa lomaliza ndi kwa inu. Lolemba m'mawa adzavala kuti apite akaone. Mukuwadziwa. Mudzabise nsapato zawo, mudzakhome chitseko, mudzawanamize chilichonse. Aona zokwana. Iyi yokha asaione ikugwa.

Tiyeni tiimirire tonse. Ombani m'manja mwamphamvu, muwaombere aphunzitsi athu.