Kamakina Kokwera Mtengo

Amayi ake atamutuma kuti akaitane a Masiye, eni makina ochekera mitengo, adzathane ndi mtengo wa mango umene unkakanda malata mwera ukamawomba, Mayankho ananyamuka ngati munthu wopita kukagula bokosi la maliro ake omwe. M'mudzi wawo wonse, wobisika kuseri kwa phiri m'mbali mwa nyanja, netiweki inkapezeka pamalo amodzi okha: pa nthambi ya mango amenewo yoloza kuboma, pomwe iye ankakhala madzulo aliwonse kumvetsera mawu a Tikondwe kuchokera ku Mzuzu, mtsikana amene anamuuziratu kuti mwamuna wosayankha foni ndiye kuti wapeza wina.

Ali m'njira anapeza nzeru. Makinawo asankha yekha, ndipo asankha ofooka kuposa onse, oti akangokhudza khungwa afe.

Anawapeza a Masiye pakhonde akunola mano a tcheni ndi tupa, makina atatu atagona pa chiguduli.

"Odi, bambo. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya iwe mwana wa a Enifa? Usaponde apo, pali oilo."

"Amayi akuti mubwere mawa mudzaone mango aja."

"Ndinawaona kale. Ndi mango."

"Akuti mudzathane nawo."

"Kuthana ndi mtengo kulipo patatu," anatero a Masiye osadzutsa mutu. "Makinanso ndi atatu. Amayi ako akufuna ati?"

"Ati ndisankhe ine."

"Sankha."

Mayankho ananjuta, nkhope yake ngati ya munthu wodziwa zitsulo.

"Mwa onsewa, aulesi ndi ati?"

A Masiye anayang'ana makina, kenaka anasuzumira kuseri kwa nyumba. "Aulesi ndi alamu anga. Koma apita ku bawo."

"Ndikunena makina, bambo."

"Makina alibe ulesi."

"Nanga okalamba kwambiri?"

"Ndine."

"Aaa, bambo! Chabwino, amene amafa msanga ndi ati?"

"Oima kumene mtengo ukugwera."

Mayankho anapumira m'mwamba. Dzuwa linali litayamba kupendeka, ndipo kwinakwake ku Mzuzu, mtsikana wa kadzenje patsaya anali pafupi kuweruka.

"Tiyeni tiyambe ndi chachikuluchi," anatero. "Ntchito yake n'chiyani?"

A Masiye anaika tupa pansi, n'kuchisisita chimakinacho ngati ng'ombe ya pangolo.

"Ichi n'chogwetsera. Lupanga lake ukuliona, kutalika ngati mwendo wako. Bulugamu wa ku Chitala, woti anthu awiri kumukumbatira manja osakumana, chinamugoneka ndisanamalize kutafuna chinangwa. Chimamwa petulo ngati chili paukwati. Ukachigwira tsiku lonse, madzulo kapu ya tiyi imavina yokha m'manja."

"Mango athu aja chingawagwetse?"

"Chisanatenthe n'komwe."

"Ichi ayi."

"Chalakwa chiyani?"

"Chili ndi nkhope yoipa."

A Masiye anachitembenuza, n'kuchiyang'anitsitsa kwa kanthawi. "Kumene ukuyang'anako ndi kumbuyo."

"Ngakhale kutsogolo sindikukufuna. Nanga apakatiwa?"

"Awa ndi a nkhuni. Mtengo ukagona pansi, amauduladula zidutswa zolowa mu uvuni. Amayi onse owamba nsomba kugombe kuno amawadziwa kulira kwake, amayi akonso. Salemera kwambiri, samwa kwambiri, sakwiya. Akanakhala munthu akanakhala mkulu wa mpingo."

"Angagwetse mtengo woimirira?"

"Atakakamizidwa. Amachedwa, koma amafika."

"Awanso ayi."

"Awa nkhope yawo yatani?"

"Ndi ofatsa mopitirira. Anthu ofatsa sindiwakhulupirira."

"Iwe," anatero a Masiye, "dzina anakupatsa ndi Mayankho, koma chifikire pano ukungotulutsa mafunso."

Mayankho sanawamve. Maso ake anali atagwera pa kachitatu, kamakina kakang'ono, kofiira, kokhala ndi chogwirira pamwamba, kokongola ngati chidole cha m'sitolo ya m'tauni. Anakanyamula ndi dzanja limodzi. Kanali kopepuka ngati ketulo yopanda madzi. Mtima wake unaimba nyimbo.

"Aka, bambo! Aka kangagwetse mango aja?"

"Aka? Ayi. Thunthu limene lija lupanga lake silingafike ngakhale pakati."

"Ngakhale mutalimbikira?"

"Ngakhale nditagona komweko mwezi wathunthu."

"Ndasankha kameneka."

"Dikira kaye. Ukudziwa kuti aka n'kokwera mtengo?"

Apa Mayankho anatsala pang'ono kuvina. Amayi ake anali munthu woti pogula tomato amanenerera mpaka wogulitsa kuiwala dzina lake. Akangomva kuti kamakinaka n'kokwera mtengo, nkhani yonse ithera pakhonde pomwepo, ndipo malata azikandidwa mpaka iye adzakwatire.

"N'kokwera kwambiri?" anafunsa mwaulemu.

"Mpaka pamwamba penipeni."

"Ee! Kuposa enawa?"

"Enawa sakwera n'komwe. Amathera pansi."

"Ndiye kuti n'kodula?"

"Kodula koopsa. Ungakadelere ndi kuchepaku."

"Amayi akamva adzati chiyani?"

"Ambiri amagwira pakamwa."

"Koma simungatsitse mtengo pang'ono?"

"Ndi kameneka? Sizingatheke. Kutsitsa mtengo ndi ntchito ya chachikulu icho, chimene wachinyoza nkhopecho."

"Ndiye musatsitse, bambo. Ndapota nanu."

"Sinditsitsa."

"Ngakhale amayi atakupemphani?"

"Ngakhale atandigwadira."

"Amayi anga mumawadziwa inu. Amayamba ndi kuseka, kenaka amakumbutsa munthu kuti anaphunzira limodzi ndi akazi ake."

"Akumbutse. Mtengo udzakhala pomwe ulipo."

"Lumbirani."

A Masiye anamuyang'ana mnyamatayo, n'kuyang'ana kumwamba. Anaika chala palilime, n'kuchiloza m'mwamba. "Ndalumbira. Kwa zaka zonse zanga pantchito ino sindinaonepo kasitomala wokonda mtengo chonchi."

"Ndimakonda zinthu zapamwamba, bambo."

"Zapamwamba ndiye kwawo kwa kameneka."

Anagwirana chanza. Mayankho anamva kamphepo ka kunyanja kakumupsompsona pachipumi. Anayamba kale kukonza mawu oti akamuuze Tikondwe, kuti lero wamenya nkhondo ndi zitsulo zitatu chifukwa cha iye, ndipo wapambana popanda dontho la magazi.

A Masiye analowa m'nyumba. Anatuluka atanyamula chingwe chachitali ndi lamba wachikopa, atavala chipewa cholimba chong'aluka pambali. Anayamba kupinda chingwecho pachigongono.

"Chingwecho n'chachiyani, bambo?"

"Chokwerera."

"Kukwera chiyani?"

"Mtengo."

"Mtengo uti?"

"Wa mango. Kodi takhala tikukamba chiyani?"

Kamphepo kaja kanaleka.

"Inu munati kamakinaka n'kokwera mtengo."

"Eya. Ndimakamangirira m'chiuno, n'kukwera nako mtengo. N'kosadzira nthambi aka. N'chifukwa chake anakapanga kopepuka."

"Ine ndimayesa mukunena ndalama!"

"Ndalama? Aka n'kotchipa kuposa onse. Petulo kamangonunkhiza. Amayi ako akondwa."

"Koma munati n'kodula!"

"Kamadula. Nthambi yonenepa ngati ntchafu yako, phwa! Usanamalize kuyetsemula."

"Munalumbira kuti mtengo udzakhala pomwe ulipo!"

"Udzakhala. Chiimire, bwinobwino, ngati mzati wa magetsi. Tingochotsa nthambi zokha."

"Zingati?"

"Zimene zilipo. Yokanda malata ndi iti?"

"Yoloza kuboma."

"Tiyambira imeneyo."

"Ndasintha maganizo. Bwerani ndi chachikulu."

"Cha nkhope yoipa?"

"Ndachizolowera."

"Chabwino. Chimenecho chigwetsa mtengo ndi nthambi zake zomwe."

"Iyayi! Apakatiwa, a mkulu wa mpingo!"

"Awo amabwera pamapeto, mwambo ukatha, kudzaduladula zimene zagwa."

"Palibe makina ena? Owonongeka? Opanda tcheni?"

"Opanda tcheni si makina, mwanawe. Ndi katundu."

"Ndiye musabwere. Ndikawauza amayi kuti mwadwala."

"Ndadwala chiyani?"

"Malungo."

A Masiye anadzigwira pachipumi, n'kudikira. "Ndilibe. Komanso amayi ako tikumana kukwaya madzulo ano, amaima kutsogolo kwangaku."

Mayankho anakhala pansi, pa oilo pomwepo. Anaona nthambi yake ikugwa, masamba akuuluka ngati makalata osawerengedwa. Anaona foni ikulira ku Mzuzu, ikulira, ikulira, kenaka anaona mnyamata wina wa njinga yamoto, wovala jekete, ataima pansi pa nyumba yosanja pomwe netiweki ndi yodzaza ngati madzi a m'nyanja.

"Bambo Masiye," anatero ndi mawu otsika, "ndikuuzeni zoona. Koma amayi asamve."

"Makutu awo sali pano."

"Pa nthambi imeneyo ndi pomwe pali netiweki. Mudzi wonse, pokhapo. Ndimakwera kukayankha foni ya Tikondwe."

"Tikondwe uti?"

"Mwana wa a Kenneth osoka maukonde. Akuphunzira zosoka ku Mzuzu. Ananena kuti ndikadzaphonya foni yake ndiye kuti ndapeza wina. Ine sindinapeze wina, bambo. Ngakhale ntchito sindinaipeze."

A Masiye anasiya kupinda chingwe. Kwa nthawi yoyamba chifikire mnyamatayo, anamuyang'ana m'maso.

"Netiwekiyo ili pa nthambipo?"

"Eya."

"Osati pathunthu?"

"Ayi."

"Pansi pa mtengo?"

"Palibe ngakhale kamzere kamodzi."

"Nthambi zinazo?"

"Ndinayesa zonse. Ina inandigwetsa. Ili pa imodzi yokhayo, pafupi ndi mphanda. Ndikasuntha pang'ono imathawa."

"Ndiye umakhala pamenepo mpaka liti?"

"Mpaka linthumbu litandipeza."

A Masiye anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anavula chipewa chong'aluka chija, n'kuchiika pabondo.

"Inenso ndinafunsirapo, mwanawe. Amayi a m'nyumba muno ndinkawatsata ku Chinguluwe wapansi, nthawi ya dzinja, matope a m'mpunga mpaka m'mawondo. Ndikafika ankandiuza kuti ndikasambe kaye. Ndikabwerako kosamba ankakhala atapita kumunda. Chikondi ndimachidziwa ine."

"Ndiye mwandimvetsa?"

"Ndakumvetsa. Ukanangonena poyamba, m'malo monyoza makina anga. Nthambi ngati imeneyo si yoponya mu uvuni wa nsomba."

"Zoona, bambo?"

"Zoona. Ine sindingalekanitse ana okondana chifukwa cha malata."

Mayankho anadzuka, oilo akudontha kuthalauza, misozi ili m'maso. Anawagwira dzanja ndi manja onse awiri. Anaganiza zoti mwana wawo woyamba akadzakhala wamwamuna adzamutcha Masiye.

"Mulungu akudalitseni, bambo. Ndiye mawa muisiya?"

"Kuisiya? Kuti uzilumidwa ndi linthumbu?" anatero a Masiye akuvalanso chipewa chawo. "Ndiidula mosamala, ndiitsitse ndi chingwe pang'onopang'ono kuti netiweki isatayike, ukaiike m'chipinda mwako uziimba utagona."