Akazi Makumi Anayi a Wogulitsa Matiresi

Wogulitsa matiresi wina, munthu womva zake zokha, anatopa kuona sitolo yake ikutsalira kumchira anthu akafufuza pa intaneti. Ndiye anadzilembera yekha ndemanga makumi anayi zodzitamanda, iliyonse m'dzina la mkazi wongopeka. Lolemba masana mkazi wake weniweni analowa m'sitolomo, foni ili m'manja, chikwama cha zovala chili pamutu.

"Bambo, Namwino Wokhutira ndi ndani?"

"Kasitomala," anayankha bamboyo osatukula mutu.

"Tamverani zimene walemba: 'Ndinagona pa matiresi a bambowa, sindinafune kudzuka.' Ndiye anamudzutsa ndani?"

"Aaa, amayi, imeneyo ndi ndemanga chabe. Imandikweza pamwamba."

"Pamwamba pa ndani?"

"Pa masitolo ena! Munthu akalemba kuti 'matiresi' pafoni, ndizituluka woyamba."

"Ehe, inu muzituluka woyamba, iye pambuyo, kuti anthu asakuoneni." Mayiyo anatula chikwama nkuchikhalira. "Nanga uyu, Mphunzitsi Wosangalala? 'Matiresi otchipa, matiresi ofewa, matiresi otchipa pafupi nanu, matiresi.' Mwafika potola ndi achibwibwi omwe?"

"Mawuwo amafunika kubwereza kuti makina ofufuzira awagwire."

"Onani, mukumuikira kumbuyo."

Apa munthu wanzeru akanangoulula. Koma bamboyu anali atadzitama mzere wonse wa masitolo kuti makasitomala amamukonda, ndipo wosoka nsapato wa khomo loyandikana anali atasiya kukhoma, khutu lili pakhoma.

"Onsewo ndi anthu enieni," anatero mokweza kuti wansapato amve. "Anabwera, anayesa, anakhutira."

"Anayesa! Mayo ine! Ndipo onse analemba Lachitatu limodzi, kuyambira 2 koloko mpaka 3 koloko. Munawagoneka pamzere?"

"Linali tsiku la malonda limenelo."

"Ine zaka khumi ndi zisanu ndikugona pa chiguduli chobooka pakati, msana ukuwawa, anzanga akuyesa matiresi atsopano a m'pulasitiki!"

"Simukumvetsa za intaneti inu."

"Ndimvetsa pompano. Namwino wanuyu wasiya nambala, akuti wofuna umboni amuimbire."

"Musaimbe! Ali kuntchito!"

"Mumadziwa ndi nthawi yake yowerukira?"

Mayiyo anaimba. Nthawi yomweyo mudirowa ya tebulo la bamboyo munayamba kulira foni. Bamboyo anayesa kutsokomola, koma foniyo inamuposa mawu.

"Ogo! Mpaka foni amaisiya mudirowa? Zovala amapachika kuti?"

"Amayi, tsitsani mawu," ananong'ona bamboyo, thukuta lili kamukamu. "Kulibe namwino. Ndine."

"Ndinu ndani?"

"Namwinoyo. Mphunzitsiyo. Onsewo."

"Unamwino mwauyamba liti, inu woopa jakisoni?"

"Ndinalemba ndekha, iyayi! Ndinagula foni ina, ndinapeka mayina!"

Kuseri kwa khoma wansapato anaseka mpaka kugwetsa hamala.

"Musavutike kuwabisa," anatero mayiyo akukonza mpango. "Ndathana nawo kale. Lachisanu mng'ono wanga atandionetsa, ndinapeza kuti pansi pa mkazi aliyense pali podinapo ngati uli ndi dandaulo. Ndinadina makumi anayi onse."

"Munalemba chiyani?"

"Zoona zokhazokha. Kuti awa si ogula, mwezi wonse m'sitolomu simunatuluke ngakhale pilo, ndipo ndikudziwa chifukwa ndine mkazi wake."

Bamboyo anasolola dirowa nkutulutsa foni ija. Pafoni ya namwino panali uthenga wochokera ku kampani ya makina ofufuzira, wolowa m'mawa womwewo. Anauwerenga milomo ikuyenda: afufuza, apeza kuti ndemanga zonse zinachokera pafoni imodzi, ndipo sitolo yake aichotsa pamndandanda. Analemba kuti "matiresi". Anatsika tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka lakhumi. Masitolo a anzake onse anali mbwee, ngakhale ya wogulitsa mphasa, koma yake osaoneka.

"Mwandipha, amayi! Kale ndinali kumchira, pano ngakhale kumchirako kulibe! Achotsa ineyo!"

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkusenzanso chikwama chake.

"Ine ndinawauza kuti achotse akaziwo basi. Ngati achotsa inu, ndiye kuti mkazi mnzanga ndinu."