Mapepala Amene Ndinatola M'bini

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale pa inu nonse. Akulu a mpingo, zikomo pondipatsa mpata uwu. Amayi a kumbuyoko, mawu akufika? Mundipirire, sindine mlaliki. Ndine munthu wosenza matumba.

Dzina langa ndine Lusiyano. Ambiri mumandidziwa kuti bambo a Rute. Ndinabadwira kutsidya, ku Mozambiki. Ndinalowa m'dziko lino ndili mwana, nthawi ya nkhondo, titasenza mphasa ndi mphika umodzi. Makolo anga anagona konkuno. Mudzi wathu wa kutsidyako sindingaulozenso. Nditakula ndinakwatira kufupi ndi pa Chonde, n'kumanga nyumba pamalo a akazi anga, monga mwa chikamwini chathu. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, Rute. Pampingo pano ndinali dikoni. Munda ndinalibe, mudzi ndinalibe, abale a magazi ndinalibe. Chuma changa chonse chinali dzina. Anthu ankati, "Lusiyano ungamusiyire nyumba yosatseka." Ndinkanyadira, sindikubisa.

Moyo wothawa nkhondo unandiphunzitsa lamulo limodzi: osataya kanthu. Chitini, osataya. Msomali wopindika, uwongole. Thumba long'ambika ndi chitseko cha mawa. Mpaka lero ndikaona chingwe panjira, msana umawerama wokha ine ndisanaganize.

Zaka zambiri ndinagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi, ku weyahausi. Kusanja matumba, kusesa, kutseka zitseko poweruka. Kale tinkalemba manambala pamatumba ndi stensulo ndi inki yakuda. Kenako kunabwera makina osindikiza malebulo omata pathumba. Mundimvetse bwino apa, abale, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Makina aja amalemba nambala pamwamba pa pepala kuti maso aone. Koma m'kati mwa pepalalo muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi, ndipo amalembanso nambala yomweyo m'kawayamo. Pakhomo la weyahausi anaikapo chowerengera. Thumba likamadutsa, chowerengeracho chimamva kawaya kaja, n'kuuza kompyuta kuti thumba lakuti latuluka nthawi yakuti. Izi ndikuzidziwa lero. Masiku amenewo ine ndinkangoona pepala.

Woyendetsa makinawo anali mayi wina, a Esnati. Nthawi zina riboni ya inki inkakwinyika, zilembo n'kutuluka zodukaduka. Zikatero a Esnati ankasindikiza lebulo lina la nambala yomweyo, loyambalo n'kuliponya m'bini lisanamatulidwe n'komwe. Wosesa ndinali ine. Ndinaligwira tsiku lina. Pepala lolimba! Losalowa madzi! Guluu wake ngati ulimbo! Mtima unandiwawa kuti chinthu chotere chikapsere kudzala.

Nyumba yanga ndi yaudzu, ndipo pulasitiki ya pansi pa udzu inali itabooka malo ambiri. Mvula ya kuno mukuidziwa. Chiperoni chikayamba, sabata yonse mabeseni ali pansi. Ndinatenga pepala limodzi, ndinakamata pobooka, pamwamba penipeni pamene Rute amagona. Kudontha kunaleka. Kuyambira pamenepo, ndikapeza lina m'bini ndinkalilowetsa m'thumba la malaya. Lero limodzi, mkuja awiri.

Koma ndinkachita mobisa. Anzanga a pantchito anali ndi nthabwala yawo. Wina akataya botolo ankafuula, "Mozambiki, thamanga, chuma chako icho!" Onse n'kuseka. Nanenso ndinkaseka nawo, koma m'kati ndinkapsa. Zaka zonsezi m'dziko lino, ndikadali wothawa nkhondo wotola zotaya? Ndiye ndinkaonetsetsa kuti wina asandione.

Tsiku lina m'mawa anandiitana ku ofesi. Ndinapeza manijala, kapitawo ndi alonda awiri. Manijala anati, "Bambo Lusiyano, kompyuta ikuonetsa kuti matumba makumi atatu ndi limodzi atuluka popanda lole. Onse nthawi yoweruka, pamene inu mumatseka."

Ndinaseka, abale. Ndinayesa zocheza. Ndinati, "Bwana, thumba la tiyi timanyamula anthu awiri. Ine ndingalibise pati?"

Iwo anati, "Ndiye kuti muli ndi anzanu. Makina sanama."

Ndinapempha kuti tigumule milu tione ngati matumbawo akusowadi. Koma inali nyengo yothyola kwambiri, weyahausi itadzaza mpaka kudenga. Anati sangaimitse ntchito sabata yathunthu chifukwa cha munthu mmodzi. Kenako anandiyang'ana m'maso. Anati, "Ndikufunsani komaliza. Munayamba mwatulutsapo kanthu kalikonse pakhomo lija?"

Abale anga! M'thumba la malaya munali mapepala awiri amene ndinatola m'mawa womwewo. Ndinkawamva pachifuwa. Sindinkadziwa kuti akukhudzana ndi mlanduwo, ayi. Koma funso ndinalimva bwinobwino. Kanthu kalikonse. Ndinayang'ana kapitawo, ndinayang'ana alonda. Ndinati mumtima, ndikanena, pofika masana esiteti yonse idziwa kuti dikoni amapisa m'bini. Ndinakweza dzanja. Ndinati, "Ngakhale singano, bwana. Mulungu ndi mboni yanga."

Manyazi anapha lambe, akulu sananame. Sindinabe, abale. Koma ndinanama. Ndinanama, n'kuitana Mulungu kuti aime kumbuyo kwa bodza langa.

Anandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Anati sapita kupolisi poganizira zaka zimene ndawagwirira. Bola akanapita! Kukhoti munthu amayankha. Kwa anthu a m'njira ungayankhe bwanji? Mbiri inafika kumudzi ine ndikadali pamsewu. Pamsika wa pa Chonde, amayi amene ndinkapemphera nawo ankati akandiona, n'kukumbatira zikwama zawo. Pampingo pano anandiimitsa udikoni, anandiimitsa pa Mgonero. Sindikudandaula, akulu anachita monga mwa zimene anamva. Rute anabwera kuchokera kusukulu akulira, ati anzake akumutcha mwana wa mbava.

Zonsezo ndinapirira. Chimene chinandithyola ndi ichi. Tsiku lina masana tikusenda nandolo pakhonde, amayi a Rute anaika lichero pansi. Anati, "Bambo a Rute, tili awiri pano. Ndiuzeni zoona. Tiyi uja munamugulitsa kwa ndani?"

Mkazi wanga! Munthu amene wadya nane kalongonda wopanda mchere m'chaka cha njala! Ndinaweramitsa mutu. Ndinangopitiriza kusenda nandolo. Iwo anaona ngati ndavomera.

Pasanathe sabata amalume awo anabwera. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anati, "Akamwini, mwatichititsa manyazi pamudzi pano. Takhala pansi monga banja. Mubwerere kwanu."

Ndinati, "Amalume, kwathu kwake kuti?"

Anati, "Zimenezo mudziwa ndinu."

Ndinatenga bulangete ndi malaya awiri. Ndinapita ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri, kumene mnzanga wina wa ku Mozambiki anandilola kugona m'khitchini mwake. Ndinayamba kusenza zikwama za alendo okwera phiri. Ntchito ya anthu a mawondo atsopano, ine imvi zitayamba. Miyezi isanu, abale. Kupemphera ndinkapemphera, koma pemphero langa linali limodzi: "Ambuye, mwandilakwira. Ambuye, mwandilakwira." Ndinkamuimba Mulungu mlandu m'mawa ndi madzulo.

Tsiku lina tili pakati pa chitunda, mvula ikuwaza, mawondo anakana. Ndinagwa ndi chikwama cha mlendo. Anzanga anagawana katunduyo, anapitirira, anati ndipume nditsike ndekha. Ndinakhala pathanthwe. Pansi panga panali phompho lalitali. Ndikuuzani zoona pamaso pa Mulungu, ndinaliyang'ana nthawi yaitali phompho lija. Ndinati, ndikaterereka apa adzati ngozi, ndipo Rute adzapuma ku dzina langa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene pemphero langa lija komaliza. Koma silinatuluke. M'malo mwake ndinamva mawu anga omwe, bwinobwino ngati ndili mu ofesi muja: "Ngakhale singano, bwana. Mulungu ndi mboni yanga." Abale, taganizani. Miyezi isanu ndikufuna kuti Mulungu andichitire umboni, chonsecho ndinamuimika pabodza. Achitira umboni chiyani? Ndinalira ngati mwana. Ndinati, "Ambuye, tiyi sindinabe, Inu mukudziwa. Koma ndinanama m'dzina lanu. Ndikhululukireni. Kaya dzina langa libwerera kaya silibwerera, bodza ili ndikalibweza kumene ndinalinena."

Ndinatsika phiri chokwawa.

M'mawa mwake ndinayenda mpaka pageti la esiteti. Alonda anakana kundilowetsa. Ndinakhala pansi pamsewu mpaka nthawi yoweruka. Anthu ankadutsa akuyang'ana kumbali. Kenako ndinaona a Esnati. Ndinaimirira. Ndinati, "Mayi, mukandiperekere mawu kwa bwana. Ndinawanamiza. Ndinkatulutsa kanthu. Ndinkatola mapepala anu otaya aja, ndinkakamatira denga. Ena ndi awa." Ndinawapatsa awiri aja. Inde, abale, sekani, ngakhale amenewo sindinataye.

A Esnati sanaseke. Anagwira pakamwa. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Anati, "Bambo Lusiyano, sabata ino timapakira tiyi wakale mu lole. Chowerengera chimakana matumba ena, chikuti anatuluka kalekale. Ndi omwe aja amati munaba. Ali momwemo, sanasunthe. Tonse timangoti kompyuta yasokonekera." Kenako anayamba kulira. Anati, "Amene anabweretsa makina anandiuza kuti lebulo lolakwika ndizilidula pakati ndi sizasi, kuti kawaya kafe. Ine ndinkaona ngati n'kutaya nthawi. Ndakuphani ndine."

Taonani Mulungu, abale! Ndikanapita kukaulula mwezi umodzi m'mbuyomo, akanangoti nkhalamba yapenga. Anandigwetsa paphiri sabata yomwe matumba aja anatuluka pansi pa mulu. Ndipo mayi uja akanatha kukhala chete kuti ateteze ntchito yake. Sanatero. Anakadziulula yekha kwa manijala.

Patapita masiku awiri galimoto ya esiteti inalowa m'mudzi mwa akazi anga. Munali manijala, a Esnati ndi ine. Anthu anathamanga, ankayesa abwera kudzafukula tiyi. Amalume anabwera. Ine ndinaima pabwalo ngati mlendo, pakhomo la nyumba imene ndinaumba njerwa zake ndi manja awa. A Esnati analowa ndi chowerengera cha m'manja, anachilozetsa kudenga. Chinayamba kulira. Tii! Tii! Tii! Manijala akuyang'ana pepala lake, nambala ndi nambala. Malebulo onse makumi atatu ndi limodzi anapezeka kudengako, ambiri pamwamba pa mphasa ya mwana wanga.

Manijala anatuluka, anavula chipewa. Ananena pamaso pa anthu kuti, "Bambo awa sanabe kanthu." Amalume anayang'ana pansi, anangoti, "Akamwini, talakwa."

Amayi a Rute anali adakali m'nyumba. Ndinasuzumira. Anaima pakati, maso ali kudenga. Atatembenuka anati, "Miyezi yonseyi ine ndagona pouma chifukwa cha mapepala amenewa, mwini wake akuvumbwa kuphiri." Anagwada. Ndinati, "Dzukani, amayi a Rute, wolakwa woyamba ndine. Ndikananena zoona tsiku lija, bwenzi zonsezi kulibe." Anandilanda kachikwama kanga m'manja, anakalowetsa kuchipinda.

Lero ndili pakhomo panga. Ntchito anandibwezera. Mawondo sanabwerere, choncho matumba sindinyamulanso. Ndimathandiza a Esnati pa makina aja, ndipo ntchito yodula malebulo olakwika anapatsa ine. Ndimadula, abale, ngakhale mtima umati mayo, pepala labwinobwino! Anzanga akati "Mozambiki, tola," ndimayankha kuti inde, ndine wotola, kutolako n'kumene kunandilera. Akulu a mpingo andibwezera pa Mgonero. Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira pathanthwe paja. Ndikuthokoza mnzanga amene anandipatsa khitchini yake. Ndikuthokoza amayi a Rute, ndi awo akhala apowo.

Koma pali chimodzi chimene sichinathe. Lachiwiri lapitali ndinapita pa Chonde kukagula mchere, Rute ali pambali panga. Mayi wina atandiona anakumbatira chikwama chake. Rute anaona. Anangondigwira dzanja mwamphamvu.

Choncho ndili ndi pempho. Mbiri ija sinayende yokha, inayenda ndi miyendo ya anthu, ndipo ina mwa miyendoyo ili muno. Sindikuimba munthu mlandu, inenso ndine wokhululukidwa. Ndikungopempha miyendo yomweyo iyendenso. Kumene munakafika, mukafikenso. Kumsika, kuchigayo, kumjigo, kusukulu kwa mwana wanga. Mukanene zonse, musandikometse. Mukati bambo a Rute anatola m'bini, bambo a Rute ananama, ndipo Mulungu anawakhululukira. Koma mwana uja si mwana wa mbava.

Ambuye akudalitseni. Amen.