Munda wanga wokha ndiwo unabiriwira

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Maikolofoniyo ikhale pomwepo, mwananga, mawu anga amafika okha kumbuyoko.

Amene simundidziwa, ndine NaSoko wa kwa Dambe, agogo ake a Tadala uja amaimba kwaya. Amene mumandidziwa, mukudziwanso kuti ine sindikhulupirira munthu. Wogulitsa mchere akandiyezera, ndimakayezanso kunyumba. Kondakitala wa minibasi akati tikunyamuka pompano, ine ndimakhala pansi n'kuvula nsapato. Ndinabadwa choncho. Munthu mmodzi yekha amene sindinkamuyeza anali mwana wanga Lameki.

Matipate atabwera, kunabweranso makampani ambiri ogulitsa feteleza. Ina inatsegula depoti pa Boma, ndipo Lameki anamulemba ntchito yoyang'anira depotiyo. Makiyi onse anali m'thumba mwake. Anakwatira Esnati, Tadala anabadwa, nyumba yanga anaifolera malata. Tinali bwino, abale. Tinali bwino ndithu.

Chaka china, mvula isanagwe, Lameki anatsika pa matola ndi matumba awiri.

"Amayi, feteleza wanu ndi uyu. Kudepoti kwathu musapiteko."

"Bwanji? Wanuyo watani?"

"Mzere umatalika kumeneko. Miyendo yanu ija."

Ndinayang'ana matumbawo. Dzina la pathumba silinali la kampani yake. Munthu wogulitsa feteleza, kukagulira mayi ake feteleza kwa anthu ena? Ndinaona, ndipo ndinasunga mumtima. Koma anali Lameki. Sindinafunsenso.

Anzanga onse a m'mudzi anagula kudepoti kwake. Ankati tikagule kwa mwana wathu.

Pofika mu Febuluwale, chimanga changa chinali chitandipitirira msinkhu, masamba ake akuda bii. Cha anzanga chinali chachikasu, chofika m'chiuno, chowonda ngati bango. Mvula yomweyo, dothi lomwelo, malire ndi mzere umodzi basi. Ukaima pamsewu, munda wanga unkaoneka wokha. Kumjigo amayi ena anandifunsa pamaso pa anthu.

"A NaSoko, tiuzeniko sing'anga wanu, nafenso tipiteko."

"Sing'anga wanga ndi khasu," ndinatero. "Amapezeka m'mamawa."

Anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. Kumbali ankanena kuti ndili ndi mankhwala okokera chimanga cha anzanga m'munda mwanga.

Kenaka mlimi wina wa kwa Zulu anathira feteleza wotsala m'beseni la madzi. Feteleza wina anasungunuka. Pansi panatsala mchenga woyera wa kumtsinje, wambiri. Anautengera kupolisi momwemo m'beseni. Apolisi atatsegula matumba a m'depoti, anapeza zomwezo. Anamanga anthu atatu: mwini kampani amene anali bwana wa ku Lilongwe, mwana wanga Lameki, ndi a Mvula, nkhalamba ya maso ofooka imene ntchito yake inali kusoka kukamwa kwa matumba.

Lameki anatuluka pa belo, n'kupeza loya. Loyayo anatikhazika pansi n'kutifotokozera bwinobwino. Anati khoti silimanga munthu pa mlandu wa chinyengo chifukwa chongoti zachitikira pamalo pake. Boma liyenera kuonetsa kuti munthuyo ankadziwa. Ngati silionetsa, munthu amapita kwawo.

Tsiku loyamba kukhoti ndinaona mmene zimayendera. Bwana uja anaimirira ndi suti yake, akulankhula Chingerezi, womasulira akutiuza. Anati iye amakhala ku Lilongwe, kampani ndi yaikulu, madepoti ndi ambiri, sangaone thumba lililonse. Sankadziwa. Afunseni woyang'anira depoti. Lameki naye anaukana mlandu. Loya wake anati mnyamatayu amakhala muofesi, za kuseri kumene amasokera matumba sankazidziwa. Afunseni wosoka. Maso onse anapita kwa a Mvula. Pansi pa a Mvula panalibenso munthu woti amuloze. Panali singano ndi ulusi basi. A Mvulawo analibe loya. Anangokhala atagwira chipewa chawo pamaondo.

Koma wapolisi woimira boma pa mlanduwo anali atamva za munda wanga. Anthu anamuuza kuti m'mudzi monse mwabiriwira munda umodzi, wa mayi ake a woyang'anira depoti. Anandibweretsera chisamani. Ndikakhale mboni ya boma. Pa mlandu wa mwana wanga.

Mukumva, abale? Funso lake linali limodzi. Feteleza wanu munamutenga kuti, ndipo amene anakupatsani ananena chiyani? Ndikayankha zoona, ndiye kuti Lameki ankadziwa, ndipo ndamutsekera m'ndende ndi pakamwa panga. Ndikanama, ndanama nditagwira Baibulo, ndipo a Mvula akafera kundende.

Loya uja anabwera kwathu. Anali mwana waulemu, anakhala pamphasa osadikira mpando.

"Agogo, ine sindikukuuzani kuti mukaname. Koma ukalamba umaiwalitsa. Mukanena kuti simukumbuka, palibe angakutsutseni."

"A loya," ndinatero, "ine ndimakumbuka nkhuku imene inandisowa ndili mtsikana, ndi amene anaidya. Mudzi wonse ukudziwa kuti sindiiwala."

"Mudzi suweruza mlandu, agogo. Woweruza sakudziwani."

Ananena zoona. Woweruza sankandidziwa. Njira inali yotseguka, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandidwalitsa.

Ndinasiya kudya. Ndinasiya kubwera kuno kutchalitchi. Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu ankandisowa. Ndipemphe chiyani? Ambuye ndithandizeni kunama bwino? Ambuye ndithandizeni kumanga mwana wanga? Ndinkangoti Ambuye, Ambuye, n'kudzuka. Esnati, mpongozi wanga, sanandipemphe kanthu. Ankangobwera, n'kundiika Tadala pamiyendo, n'kupita kukatunga madzi. Mwanayo akusewera ndi mikanda yanga, akuseka, ine misozi ili m'maso. Kumeneko ndiye kunali pansi penipeni pa moyo wanga. Imfa ya amuna anga sinandifikitse pamenepo.

Litatsala tsiku limodzi, Lameki anabwera kumudzi. Anandipeza m'munda masana, ndikuzula udzu umene panalibe. Tinaima pakati pa chimanga chija, chitatiphimba tonse awiri.

"Iwe Lameki," ndinatero, "mawa andigwiritsa Baibulo."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ndakubereka ndine. Ndakuyamwitsa ndine. Palibe chimene unandipempha ine n'kukukaniza. Ngati ukufuna ndikaname, undiuze wekha ndi pakamwa pako. Usatume loya. Nena kuti, amayi, kandinamireni."

Anatsegula pakamwa. Ndinadikira. Anayang'ana kutsidya kwa malire, kumunda wa amayi ena amasiye kumene chimanga chinali chitamasula ngayaye chili m'chiuno. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Amayi, mwadya lero?"

"Sindinadye."

"Tiyeni kunyumba."

Basi. Sanandiyankhe. Anandigwira dzanja potuluka m'mizere ngati ndine mwana.

M'mawa mwake tinapita pa Boma. Mboni salola kuti ilowe isanaitanidwe, ndiye anandikhazika pabenchi panja. Ndinakhala pamenepo osadziwa chimene ndikanene. Ndikunena pamaso pa Mulungu, sindinkadziwa. Mphepo ikawomba uku ndimati ndinena zoona. Ikawomba uko ndimati ndaiwala. Ndinamva phokoso m'kati, kenaka zii. Chitseko chinatseguka. Ndinaimirira, poganiza kuti andiitana. Anali Esnati, Tadala ali kumsana.

"Apongozi, khalani pansi. Sakufunaninso."

"Chachitika n'chiyani?"

"Abambo a Tadala avomera."

Anandilola kulowa, ndipo ndinamva ndekha zotsalazo. Mwana wanga anali ataimirira, akulankhula Chichewa chomveka. Anati ankadziwa. Anati lole ya mchenga inkabwera Lamlungu, depoti ili yotseka, ndi anyamata ochokera ku Lilongwe, ndipo wotsegula geti anali iyeyo. Anati a Mvula ankabwera Lolemba, n'kupeza matumba odzaza kale, n'kusoka. Anati poyamba anakana, koma bwana anamuuza kuti ofuna ntchito ndi ambiri. Ndipo ananenanso china chimene bwana sankayembekezera. Anati lole ya mchenga isanafike, bwanayo ankalamula kuti apatule matumba abwino a ku esiteti yake ya fodya, asawakhudze.

Woweruza anavula magalasi n'kumuyang'ana bwana uja. Pa tsiku la chigamulo ananena kuti munthu amene amapatula feteleza wabwino wa munda wake sangauze khoti kuti sankadziwa za woipayo. Anamupeza wolakwa. Ndinamva kuti anakachita apilo ku Lilongwe, ndipo mmene zinathera kumeneko sindinazitsate. A Mvula anawamasula. Lameki anamupatsa zaka ziwiri, atamuchepetsera chifukwa chovomera.

Akumukweza m'galimoto ya apolisi, ndinafika pafupi. Ndinkafuna kumuuza zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Juzi watenga?"

"Ndatenga. Amayi, chimanga chija musadye nokha."

"Undiphunzitsa iwe?"

Anaseka. Ali ndi unyolo m'manja, mwana wanga anaseka, ndipo nkhope yake inali yopepuka kuposa mmene ndinaionera chaka chonsecho.

Njala inalowa m'mudzi chaka chimenecho, ndipo nkhokwe yodzaza inali yanga yokha. Ine ndi Esnati tinaitsegula. Musaganize kuti ndinasanduka mngelo, abale. Ndinkakhala pakhomo la nkhokwe ndi maso anga awa, ndipo amene ankabwera kawiri atasintha chitenje ndinkamuzindikira. Ndinkamuuza kuti ndamuona. Kenaka ndinkamupatsa. Chimanga sichinakwanire mudzi wonse, nafenso tinafika podya gaga, koma palibe mwana amene tinamuika m'manda. Amayi aja a kumjigo anabwera ndi lichero lawo, maso ali pansi. Sitinakambe za sing'anga. Lero ndi amene amandisungira malo pabenchi yachitatu apo.

Esnati ndinkamukayikira kuyambira tsiku la chinkhoswe. Ndinkati anakwatiwa ndi makiyi a depoti. Makiyi atapita, iye anatsala. Mwezi uliwonse ankapita kundende ndi chiponde ndi sopo, akabwera n'kundiuza zonse, ngakhale zoti mwamuna wake waonda. Mwana wa eni ake, koma Mulungu anandipatsa ine.

Lameki anatuluka. Pano amakonza njinga pansi pa mtengo kumsika kwathu. Ndalama zake n'zochepa. Alipo ena mpaka lero samupatsa moni, ndipo iye sawadandaula, amati ali ndi chifukwa. A Mvula atamwalira, iye anali m'gulu la adzukulu okumba manda, kuyambira khasu loyamba mpaka kufotsera. Uyo wakhala kumbuyo uyo, wa malaya a buluu. Usabise nkhope, iwe, anthu akudziwa kale.

Ine ndikadali NaSoko yemwe uja. Mchere ndimayezabe. Koma ndabwera kudzathokoza Mulungu pa chinthu chimodzi. Baibulo la kukhoti lija sindinaligwire. Mpaka lero sindikudziwa chimene ndikananena akanandiitana. Mwina ndikanaima pa choonadi. Mwina ndikanaiwala, monga anandilangizira a loya. Ambuye okha ndiwo akudziwa, ndipo mwa chifundo chawo sanalole kuti ineyo ndidziwe. Mwana amene ndinamuuza kuti andipemphe bodza anasankha kukagona pasimenti zaka ziwiri, kusiyana ndi kuti amve mayi ake akunama.

Zikomo Ambuye chifukwa cha Lameki. Zikomo chifukwa cha Esnati. Zikomo inu nonse pondimvera mpaka pano. Tadala, bwera udzandigwire dzanja nditsike apa. Ameni.